Ndani Ankaseka M'chipinda Chotentha?

1

Masiku ano ndikamadutsa pamsika wa pa Dowa, amayi ogulitsa tomato amayamba kukodolana. Mmodzi amakonza kukhosi n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Asisi, kuchipinda kuja kukutenthabe?" Akatero, onse amafa nacho chikhakhali mpaka kugumula milu ya tomato. Ine ndinasiya kukwiya. Koma popeza aliyense akuifotokoza nkhaniyi mothira mchere wake, ndati ndiikambe ndekha mwini wake.

Dzina langa ndine Rakele, mwana woyamba wa a Elia Malizani. Bambo anga ndi mkulu wa mpingo, munthu wa nkhope yolemera. Unyamata wawo wonse unathera pa esiteti ya fodya ali tenanti, ndipo chimene anabwerako nacho ndi msana wowawa. M'mawa ankadzuka mochita kugwirira khoma. Zinthu zimene ankadana nazo zinali ziwiri, mowa ndi nyumba zoonetsa kanema. Akaimirira kutchalitchi kuti apereke zolengeza, sankakhala pansi asananene kuti, "Anyamata, kanema ndi khomo la kuchiwonongeko."

Tsono ine mwana wawo ndinakakonda mnyamata amene m'nyumba mwake munali masikirini odzaza khoma.

Reinford kwawo ndi ku Ntchisi, koma ankachita lendi nyumba kuseri kwa msika, m'mbali mwa msewu wopita ku Dzaleka. Mabungwe akagula makompyuta ndi timabokosi togawa intaneti toti tipite kumasukulu ndi kuzipatala za m'mapiri, katunduyo ankayamba wafikira kwa iye kuti amuyese.

Tsiku loyamba kundionetsa chipinda choyeseramo ndinabwerera pakhomo. Munali motentha ngati mu uvuni wa njerwa. Mazenera anakhomapo matabwa, pakona pali hita, makina ali ng'ii pamashelefu, timagetsi tili phethiphethi.

"Iwe, bwanji ukuzunza katundu wa eni ake? Tsegula zenera apumeko!"

"Usakhudze, Rake! Lowa msanga, tseka chitseko, kutentha kukuthawa." Anandikoka dzanja. "Amayi ako akafuna mtsuko, amagula wowotcha kapena wauwisi?"

"Wauwisi angatungiremo chiyani?"

"Basitu. Mtsuko wa mng'alu umaphulikira pamoto kwa woumba, osati pamutu pa wotunga madzi. Makinanso n'chimodzimodzi. Amene ali ndi chilema chobisika amafa akadali atsopano. Akapyola pamenepo, amakhala zaka. Ndiye ine ndimafuna wofa afere pano, osati kuseri kwa phiri la Ntchisi nthawi ya mvula, kumene galimoto silingafike."

Anandiuza kuti muyezo wake si wa m'mutu mwake. Opanga ndi ogula makinawa ali ndi malamulo amene amatsata, ndipo iye anasainira kuwatsata. Kutentha kuzikhala pamlingo umodzi, makina azigwira ntchito yolemetsa usana ndi usiku kwa masiku atatu, osapumira. Kuti asaodzere, ankawapatsa masamu ovuta, ndipo pa sikirini iliyonse pankayenda kanema osalekeza. Akapambana, ankawamata kapepala kobiriwira.

"Nanga akazima pakati?"

"Magetsi akathima, mabatire amalandira. Koma makinawo akazimiratu, ngakhale kutatsala kamphindi, timayambiranso pachiyambi."

Thukuta linali kamukamu, koma ndinamuyang'ana n'kunena chamumtima kuti mwamuna ndi ameneyu. Ankhoswe anakumana, tsiku la chinkhoswe linaikidwa mu Okutobala, ndipo ine ndinkayenda ngati pansi sindikupondapo.

2

Kutatsala masiku ochepa kuti chinkhoswe chichitike, tsiku lina masana ndinamutengera thobwa. Njinga yake yamoto panalibe. Ndinalowa pabalaza kuti ndisiye botolo, ndipo ndili pomwepo ndinamva kuseka.

Kunkachokera m'chipinda chotentha chija. Kuseka kwake kunali kwa kamawu kakang'ono, kotsinidwa, kuti hii-hii-hii, ngati mtsikana amene akugiligishidwa n'kumadzitseka pakamwa. Kenako kunamveka phaa, ngati munthu wadzimenya pantchafu.

Ndinagwira chitseko. Chokhoma.

"Odi! Muli ndani umo?"

Zii. Makina okha ali ng'ii.

Ndinadikira panja mpaka dzuwa linandiwaula, koma wotuluka panalibe. Madzulo nditabwereranso ndinamupeza Reinford akutsuka makapu awiri. Pachingwe panali kathaulo kachilendo konyowa.

"A Reinford," ndinatero, ndipo anadziwiratu kuti zavuta, chifukwa "a" ameneyo ndimamuika ndikakwiya. "M'chipinda chanu chija mumalowa ndani inu mukachokapo?"

Kapu inamupulumuka m'manja.

"Rake, sindinganene."

"Ndi mkazi?"

"Ayi."

"Nanga ndani?"

"Ndinalonjeza."

"Munalonjeza yani? Ine simunandilonjeze?"

Anangoima chilili ngati mbuzi yonyowa ndi mvula. "Ndikhulupirire. Palibe choipa. Chabe kuti sindinganene."

Thobwa langa ndinabwerera nalo. Ndinamwa ndekha m'njira, ndikulira.

3

Ndinauza munthu mmodzi yekha, mnzanga Thandiwe wa pasaluni, ndipo ndinamulumbiritsa. Pofika mawa lake, nkhani inali itameta anthu ambiri kuposa lezala la pasalunipo.

Ena ankati Reinford wabisa mkazi wa ku Dzaleka. Ena ankati mkazi wanji wopirira moto umene uja, imeneyo ndi ndondocha, munthu amene anamupha m'matsenga kuti azimugwirira ntchito. Apo ayi, mnyamata wamng'ono chonchija njinga yamoto anaitenga kuti? Mayi wina wogulitsa makala analumbira kuti anaimva ndondochayo ikuwerenga m'Chingelezi.

Nkhani itafika kwa amalume a Nowa, alongo awo a mayi anga, amenenso ndi nkhoswe yanga, anapalasa njinga osadya n'komwe. Anamuitanitsa Reinford. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwathu, amalume pampando, bambo pampando, mayi ndi ine pamphasa, Reinford wanjuta patsogolo.

"Mphwanga," anatero amalume, "ife sitifuna zambiri. Amaseka m'nyumba mwako ndani?"

"Pepani amalume, sindinganene."

"Ndi wamoyo kapena wakufa?"

"Wamoyo, amalume. Wamoyo kwambiri."

Bambo anatsokomola.

"Tisamaweruze msanga, alamu," anatero akuyang'ana m'mwamba mwa mango, ngati akuwerenga zipatso. "Mwina ndi mphepo chabe. Makinawa amalira mosiyanasiyana."

Mayi anawacheukira modabwa. Bambo anga, amene anamuimitsapo mnyamata kumgonero chifukwa chongoima pakhomo pa nyumba ya kanema, lero akuti tisaweruze msanga!

Kunena zoona, mwezi umenewo bambo anali atasintha, koma ife tinkangothokoza Mulungu. Msana unali utapepuka. Ankadzuka osagwira khoma. Masana aliwonse ankavala jekete n'kunena kuti akukayendera odwala, ndipo ankabwerako nkhope ili ng'aning'ani ndi thukuta. Mayi ankati, "Taonani mphotho ya kuyendera odwala, nawonso akuchira." Tsiku lina ndinawaona atanyamula thumba la gaga m'mwamba, n'kulizunguza, n'kulimenyetsa pansi, kenako n'kuligonera ndi chigongono. Atandiona anaimirira msanga n'kunena kuti akupha anankafumbwe.

Amalume anamenya ndodo pansi.

"Mvera, mnyamata. Chinkhoswe ndi Loweruka likudzali. Ukapanda kutiuza lisanafike, tambala wanu musavutike kubwera naye. Mwana wa mlongo wanga sindingamupereke kunyumba yoseka yokha."

Reinford anandiyang'ana, maso ali ndi misozi. Ndinkayembekezera kuti atsegula pakamwa. Anangowomba m'manja mwaulemu n'kunyamuka. Pochoka anayang'ana pansi. Bambo anali akuwerengabe mango.

4

Mayi anga si munthu wodikira Loweruka.

"Kaya ndi mkazi, kaya ndi chiwanda, ndikachiona ndi maso angawa," anatero. "Iwe peza kiyi."

Owerenga anzanga, musandiweruze. Lachitatu m'mawa ndinapita kwa Reinford ngati wofuna kugwirizana, ndipo iye akusamba ndinasolola kiyi wa chipindacho m'thumba la jekete. Anandiuza yekha kuti masana athamangira ku Mponela kukagula mafyuzi, ndiponso kuti gulu la makina limene linali mkatimo limaliza kuyesedwa madzulo omwewo. Ndinamva, koma zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Masana tinanyamuka. Mayi anavala yunifolomu ya Chigwirizano, bulauzi yoyera ndi duku loyera, ndipo anatenga anzawo atatu olimba pa pemphero. Bambo anali atapita kale kwa odwala awo. Tikudutsa pamsika, anthu anasiya malonda n'kutitsatira chapatali. Ngakhale wowotcha chimanga anasiya chimanga pamoto.

Pabalaza tinaima phee. Ndipo kunamveka.

"Hii-hii-hii! Mgwetse! Mgwetsenso!"

Mmodzi wa amayi aja anayambitsa nyimbo ndi mawu onjenjemera. Ine ndinalowetsa kiyi n'kukankha chitseko.

Mpweya wotentha unatimenya kumaso. Khoma lonse linali zimphona. Pa sikirini iliyonse panali amuna awiri onenepa ngati ng'ombe zapangolo, atavala timakabudula tonyezimira, akunyamulana n'kumenyetsana pansi. Kulikonse kumene ungayang'ane, amuna omwewo, kabudula yemweyo.

"Mayo ine! Ali mbulanda!" anakuwa mayi wina.

Mayi anga sanakuwe. Anaona chingwe chachikulu chochokera pabokosi la mabatire, anachigwira ndi manja awiri, n'kuchizula ngati chinangwa.

Zonse zinangoti zii. Mdima wa bii, poti mazenera anali okhoma. Phokoso la makina linatsika pang'onopang'ono mpaka kutheratu.

Mumdimamo, chapansi, china chake chinayetsemula.

Sindinaonepo amayi a Chigwirizano akuthamanga chotero. Anapanikizana pakhomo atatu nthawi imodzi, wina anasiya silipasi, wina duku, ndipo anthu amene anali panja ataona oyera akutuluka liwiro, nawonso anamwazikana mpaka kugwetsa benchi ya wogulitsa zitumbuwa. Ine ndinatsala. Ndinangogwira chitenje cha mayi.

Mayi anayatsa tochi ya pafoni n'kuunika kunsi kwa tebulo. Kunatulukira mapazi awiri, ovala masokosi otuwa, chidendene chimodzi chosokedwa ndi ulusi wofiira.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Sokosi iyi," anatero pang'onopang'ono, "ndinasoka ndine."

Mapazi aja anayesa kubwerera mkati.

"Bambo a Rakele, tulukani."

Anatuluka chokwawa, atavala vesiti yokha, kathaulo kali pakhosi, jekete ndi Baibulo zili bwinobwino pampando. Anaimirira, anakonza kukhosi monga amachitira pa zolengeza, n'kunena kuti:

"Amake Rakele, mwafika bwanji kuno? Odwala ake ndi ine ndemwe."

5

Mudzafunsa kuti bwanji sindinazindikire kuseka kwa bambo anga ondibala. Ndikanakuzindikira bwanji? Chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo akuseka.

Nkhani yake inatuluka pang'onopang'ono, ngati minga. Ankhoswe atangokumana, bambo anapita okha kukaona ngati mkamwini wawo ali munthu wolongosoka. Reinford anawalowetsa m'chipindamo. Atakhala pang'ono, anamva msana ukumasuka ngati chingwe chonyowa. Anapempha kukhalako kanthawi. Tsoka ilo, kanema amene ankayenda tsiku limenelo anali wa zimphona zogwetsana. Anati anatseka maso. Kenako anatsegula limodzi.

"Ndinkafuna ndione kukula kwa tchimolo, kuti ndizidzudzula zimene ndikuzidziwa," anatero.

"Mwezi wathunthu?" anafunsa mayi.

"Ndi lalikulu, amake Rakele."

Tsiku loyambalo bambo anapempha kiyi wapadera, ndipo anamugwira Reinford dzanja kuti alumbire kuti sadzauza munthu, ngakhale ine.

Tili pomwepo, njinga yamoto inalira panja. Reinford analowa, anaona chitseko chili pululu, chingwe chili pansi, masikirini ali bii. Sanayang'ane aliyense. Anagwira kompyuta imodzi ngati akugwira mphumi ya mwana, n'kukhala pansi.

"Kunangotsala pang'ono," anatero motsitsa.

Kuseka konse kunandithera. Ndinatulutsa kiyi n'kumupatsa ndi manja awiri, nditagwada. Anamulandira n'kumuika m'thumba.

Bambo anasendera pafupi. "Mwana wanga, mlandu ndi wanga. Koma tamvera. Makinawa ndawaonerera ine ndi maso anga, sanaphethire n'kamodzi komwe. Ungomata timapepala tako tobiriwirato. Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine, bambo," anayankha Reinford. "Kapepala kaja kamanena kuti makina apirira mpaka kumapeto. Awa sanafike kumapeto. Tiyambiranso."

Anawerenga pa zala. Kuyambira Lachitatu madzulo, mapeto ake ndi Loweruka madzulo. Galimoto yodzatenga katundu inali yobwera Lolemba, ndiye kuchedwetsa sikukanatheka. Ndipo pankafunika munthu woti aziyang'ana kampimo koyezera kutentha nthawi ndi nthawi.

"Loweruka masana sindingachoke pano," anatero.

Apa n'kuti amalume a Nowa atafika, atauzidwa kale ndi a pamsika. Anaima pakhomo, anawayang'ana alamu awo ali m'vesiti, ndipo anayamba kugwedezeka mapewa. Anaseka mpaka anakhala pansi, anaseka mpaka chipewa chinagwa.

"Alamu! Ndondocha ija ndinu? Mphepo ija munkanena ija?" Anapukuta misozi n'kuloza Reinford ndi ndodo. "Koma mnyamata uyu! Tamutcha wachiwerewere, tamutcha mfiti, ndamuopseza kumulanda mkazi, iye duu, kusunga ulemu wa apongozi ake. Rakele, ukamutaya ameneyu ndidzakukana. Koma nanga chinkhoswe chopanda mwamuna chinaonekapo kuti?"

Onse tinayang'ana Reinford. Koma panali funso lina limene palibe analifunsa.

"Reinford," ndinatero, "kodi ukundifunabe, ine wakuba makiyi?"

Anandiyang'ana, ndipo pakona ya mlomo wake panayamba kugwedera.

"Iwe unaphulika tsiku loyamba lomwe, Rake. Ukanakhala kompyuta ndikanakubweza." Anapumira. "Mwayi wako, anthu sitibweza. Timakonza."

Mayi ndiwo anamasula mfundo yotsalayo. Anamanga chitenje mwamphamvu n'kufunsa kuti, "Achimwene, pachinkhoswe bambo wa mwana amalankhulapo chiyani?"

"Palibe," anatero amalume. "Ndi ntchito ya ife eni mbumba. Iwo amangodya."

"Ndiye kampimo kaja bambo a Rakele akudziwa kale kukawerenga. Kiyi ali naye. Kutentha amakukonda. Akhala muno." Anatembenukira kwa Reinford. "Koma amuna a makabudula aja uwachotse."

"Amake Rakele, Lachisanu kuli ndewu yomaliza ya—"

"Uwachotse."

6

Loweruka kwathu kunadzaza anthu ngati kuli msonkhano wa chipani. Ena sitinawaitane, anangobwera kudzaona banja la ndondocha. A kuchimuna anatsika kuchokera ku Ntchisi pa lole, akuimba. Anabweretsa anyamata ofunditsidwa nsalu kuti ndisankhe wanga, ndipo ndinamudziwira ku zala zake zopsa ndi waya. Tambala anaperekedwa, thadzi linalandiridwa, nthungululu zili lililili.

Bambo sanaphonye kanthu. Reinford anakonza zoti Thandiwe, polipira mlandu wa pakamwa pake, agwire foni tsiku lonse, ndipo chinkhoswe chathu chinkafika m'chipinda chotentha kudzera m'timabokosi ta intaneti tomwe tinkayesedwato. Makina ankafunika kanema woti aziyenda, ndiye kanema wake tinali ife. Bambo anaona mwana wawo akuvina pakhoma lonse, a Rakele ponseponse. Akuti analira, koma iwo amati linali thukuta.

Mkati mwa perekaniperekani foni ya Reinford inalira. Anaika pokweza kuti amve bwino, ndipo mawu a bambo anamveka bwalo lonse, mawu awo a zolengeza aja.

"Akamwini, ndi chisoni chachikulu ndikudziwitseni kuti kompyuta ya pashelefu yapakati, yachiwiri kuchokera kukhomo, yatisiya. Inayamba yatsokomola, kenako yangoti zii. Zinazo zili bwino."

Amalume anavula chipewa n'kuchigwira pamtima. Bwalo lonse linagwa ndi kuseka. Koma Reinford anandinong'oneza kuti, "Imene ija inali yopita kuchipatala cha kuseri kwa phiri. Ndikanamata kapepala Lachitatu, ikanakafera m'manja mwa anamwino."

Madzulo bambo anabwera kunyumba atanyamula kiyi ngati mendulo, ndipo mayi anawasungira chiwindi cha tambala.

Lamulungu lotsatira anaimirira kupereka zolengeza. Atafika pamene amanena za kanema, tchalitchi chonse chinasiya kupuma. Anayang'ana anthu, anayang'ana mayi, n'kunena kuti, "Zolengeza zathera pomwepa."

Inu amene mukukonzekera banja, anthu adzakuuzani kuti muyeseni mnzanuyo musanalowe m'nyumba. Ine sindinganene kuti musatero. Ndingoti kumbukirani kuti moto umene mwasonkhera mnzanu ukuwotchanso inu, ndipo mng'alu umene uyambe kuoneka ukhoza kukhala wanu. Ine ndinalowa m'chipinda chija kukagwira wolakwa, ndipo munthu yekhayo amene anatulukamo woyenera kapepala kobiriwira anali amene tinkamunenayo.

Bambo amapitabe kukawotha msana, tsopano poyera. Mayi amawaperekeza, akuti kuti aziwayang'anira. Sabata yatha ndinapita kukasiya thobwa, ndipo ndili pabalaza ndinamva hii-hii-hii uja. Kenako kunamveka mawu ena, aakulu, amene ndimawadziwa bwino kuyambira ndili kumsana:

"Mukhalire pamimba, chitsiru iwe! Bambo a Rakele, taonani akumusiya adzuke!"

Ndinasiya botolo pakhomo, n'kubwerera chonyang'ama.